Mapasa a M'buku Losawerengeka

Inu amene munapita kusukulu mpaka nsapato kutha zidendene, tandimasulireni ichi. Pali mudzi wina, anthu ake ndi ambirimbiri, onse akhala m'mizere mwaulemu, nkhope zawo zikuoneka bwinobwino. Alendo amachokera kutali kudzawapatsa moni, koma mpaka lero palibe ndi mmodzi yemwe anayankhapo, ngakhale kutchula dzina lake lokha. Ndi mudzi wanji umenewo? Musatuluke thukuta, ndikuuzani ndekha. Ndi buku. Buku lakalekale, lolembedwa pamanja, m'zilembo zimene mwini wake anapita nazo kumanda osasiyira munthu kiyi.

Bukulo limasungidwa pa yunivesite ina, m'chipinda chapansi chozizira ngati mosungira nyama, ndipo wofuna kuligwira amayamba wasamba m'manja ngati akukanyamula khanda. Ukakwera masitepe kuchoka m'chipindamo umafika mu ofesi yaing'ono ya matebulo awiri, bolodi lalikulu, ndi ketulo yothyoka chogwirira. Mmenemo munkagwira ntchito mwamuna ndi mkazi wake, onse madokotala. Koma mutu ukakuwawani musapiteko. Udokotala wawo ndi wa masamu ndi makompyuta, angokujambulirani mutuwo pabolodi n'kukuuzani kuti ndi wozungulira.

Mwamunayo ndi mwana wa achimwene anga, choncho ndili ndi chilolezo chomunena. Anzake ankamutcha a Mivi, chifukwa paliponse pamene wakhala ankasiya mivi yojambula: pabolodi, pachikuto cha nyuzipepala, ngakhale pafumbi la galimoto ya eni. Masamu awo sanali owerengera mbuzi kapena matumba a simenti. Anali masamu a maubale. Iwo ankati chinthu sichidziwika ndi nkhope, chimadziwika ndi anzake: chimatsogolera ndani, chimatsatira ndani. Chilembo chikakhala kuti chimakonda kutsatidwa ndi chinzake, ankajambula muvi kuchoka pa ichi kupita pa icho. Muvi ukachoka pa choyamba kufika pa chachiwiri, wina n'kuchoka pa chachiwiri kufika pa chachitatu, ndiye kuti njira yatseguka kuchoka pa choyamba mpaka pa chachitatu, monga mmene mchimwene wa mkazi wako amasandukira mlamu wako ngakhale sunamufunsire. Mivi yonseyo ikalukana ngati ukonde, ankauyala ukondewo pamwamba pa ukonde wa chinenero chodziwika, kuti aone ngati malume agwera pa malume, azakhali pa azakhali. Akagwerana bwino, ndiye kuti mwina zinenero ziwirizo zinamangidwa mofanana, ngakhale liwu limodzi lisanamveke.

Mkazi wawo ankatchedwa Mayi Taimani, poti mawu awo oyamba pa chilichonse anali akuti, "Taimani kaye." Ntchito yawo ndiyo inali yoyambirira. Ankatsikira pansi paja, kujambulitsa masamba a bukulo, n'kuphunzitsa kompyuta kuzindikira chilembo chilichonse ndi kuchipatsa nambala yakeyake. A Mivi ankangolandira manambalawo n'kuyamba kuponya mivi. Zithunzi sankaziyang'ana n'komwe.

"Nkhope imanama," ankatero akuguguda pachifuwa, "koma muvi sunama."

Musawaone ngati munthu woipa. M'mawa uliwonse, asanayatse kompyuta, ankasenda lalanje, kuchotsa ndi timitsitsi toyera tonse, n'kuliika pambale patebulo la akazi awo. Mvula ikagwa, ambulera inkapendekera mbali ya mayi, phewa lawo likunyowa. Kungoti zaka zinali zitapita, imvi zitayamba kumera m'mbali mwa makutu, koma mudzi wa m'buku uja uli duu. Ku misonkhano ya akatswiri ankakhala kumbuyo, n'kumaombera m'manja ana amene iwo omwe anawaphunzitsa. Pobwera ankaseka mokweza kuposa aliyense. Koma Mayi Taimani ankawapeza ataima pawindo, tiyi atazizira m'kapu, akuyang'ana kunja osaona kanthu.

Chaka china yunivesite inagula nyale yatsopano yojambulira, yamphamvu moti inkaonetsa ngakhale pamene ntchentche inaponda kalekale. Mayi Taimani anajambulitsanso buku lonse, n'kulowetsa zithunzizo mu kompyuta mongoyesa. Tsikulo anali ndi ulendo woperekeza bambo awo kuchipatala cha maso, ndiye potuluka anaima pakhomo.

"Anzanga, manambala atsopanowa sindinawasefe. Muli zinyalala zambiri. Musawakhudze mpaka nditabwera."

"Pitani bwino, mayi. Ine ndikhudzenso zanu?"

Chitseko chisanazizire n'komwe, anali atakhudza kale.

Zimene anapeza zinawaimitsa tsitsi. Nyale yatsopano ija inaonetsa kuti pakati pa mizere yakuda panali timizere tina totuwa, tosaoneka ndi maso wamba, ndipo kompyuta inali itapatsa zilembo zake manambala atsopano. A Mivi atalukira zilembo zotuwazo ukonde wake, anapeza kuti ukufanana ndendende ndi ukonde wa zilembo zakuda za patsamba lina, kungoti mivi yonse yatembenuka. Wopita kumanja kuno, uko ukupita kumanzere. Tsono m'masamu awowo, ukonde wotembenuza mivi ndi chinthu chokondedwa kwambiri, amachita kuuvulira chipewa. Anayesa tsamba lina: chimodzimodzi. Linanso: chimodzimodzi. Munthu wamkulu anavina ndi mpando mu ofesi mpaka wosesa kusuzumira pakhomo.

Akazi awo pobwera anawalandirira pamasitepe.

"Mayi, bukuli labereka mapasa! Tsamba lililonse lili ndi mnzake wobisika, woyenda chammbuyo. Amene analemba bukuli ankadziwa masamu athuwa ife tisanalotedwe n'komwe!"

"Mwakhudza manambala aja?"

"Ndangowasisita pang'ono."

"Taimani kaye," anatero Mayi Taimani, n'kukhala pansi osavula ndi jekete lomwe.

Anafufuza mwakachetechete, ndipo chimene anapeza chinawalemera pamtima ngati mwala. Mapasa onse aja, popanda kupatula, anali kutsogolo ndi kuseri kwa pepala limodzi. Mawa lake anadikira kuti amuna awo amalize kusenda lalanje, kenaka anayankhula mofatsa, ngati munthu wochotsa munga kuphazi kwa mwana.

"Bambo, ndikuopa kuti mapasawa si mapasa. Pepala la bukuli ndi lopyapyala. Inki ya kuseri inalowerera n'kudzaonekera kutsogolo, ndipo chinthu ukachionera kuseri chimatembenuka. Zilembo zake sitizidziwa, ndiye kompyuta ikaona chilembo chayang'ana kwina ikuyesa ndi mlendo, n'kumupatsa nambala yatsopano. Tiyeni titsike pansipa, tikaliyang'ane limodzi. Masitepe ake ndi omwewa."

A Mivi anaseka.

"Ine nditsike, ndikayang'ane pepala ndi maso ngati wogula nsalu pamsika? Masamu anenetsa kale."

"Masamu anena zoona pa manambala amene mwawapatsa. Koma manambalawo ndi anga, ndipo ndikukuuzani kuti ndi akuda."

"Moyo wanga wonse ndadikira chinthu chimodzi chokha. Chafika, ndiye mukuti ndi dothi?"

"Ndikuti tikaone."

"Kapena vuto ndi lakuti ndachipeza inu kulibe?"

Mawu amenewo anatuluka ngati mbale yopulumuka m'manja: pofuna kuiwakha, yasweka kale. Mayi Taimani anangoyang'ana lalanje lija, ndipo tsiku limenelo linauma pambale osadyedwa.

Kunkabwera msonkhano waukulu wa akatswiri a mabuku osawerengeka, ochokera m'maiko ambiri. A Mivi analembetsa kuti akayankhula. Akazi awo atakana kuikapo dzina lawo, analembetsa lawo lokha, n'kukagula jekete latsopano la mabatani owala. Mayi Taimani ankawadziwa anthu a kumsonkhanoko. Ankadziwa kuti pakadzangoimirira mmodzi n'kufunsa kuti, "Kodi mapasawa si kutsogolo ndi kuseri kwa pepala?" ndiye kuti dzina la amuna awo lathera pomwepo. Akatswiri sakhululuka msanga. Munthu akaterereka pamaso pawo, amamukumbukira ndi kutererekako mpaka tsiku la maliro ake, ndipo ngakhale pamaliropo amanong'onezana. Anayesanso kawiri konse kuwachonderera kuti atsike pansi paja. Koyamba a Mivi anati ali ndi kalasi. Kachiwiri anati bondo likuwawa.

Ndiye tsiku lina masana mayiyo anakwera basi kupita kwa apongozi awo, amayi ake a Mivi. Gogo ameneyo anali telala moyo wake wonse, dzanja lolemera ndi sizasi, pakamwa posatseka ngati wailesi yothyoka batani. Anamupeza pakhonde akukangana ndi wogulitsa matsache.

"Mwana wanga, wabwera wekha? Chidzete chija chili kuti?"

"Ali kuntchito, amayi. Ndabwera kuti mundithandize."

Anafotokoza zonse, osawonjezera, osachotsera. Pofika pa mawu a nsanje aja, anayang'ana kumbali. Gogo anasiya phokoso, chinthu chimene anthu a m'dera limenelo anali asanachionepo, n'kumugwira dzanja.

"Ameneyo anatengera bambo ake. Malemuwo anayendapo tsiku lonse malaya atavala chakunja, ine ndikuwauza, iwo akuti ndi fashoni. Ndiye ukufuna ndikamukalipire?"

"Ayi, amayi. Akakalipiridwa amauma ngati chikumba. Ndikufuna agwe, koma agwere pamphasa, pakati pa ife, osati pamiyala pamaso pa alendo."

Anatulutsa m'chikwama pepala lopyapyala, cholembera cha inki yamadzi, ndi chithunzi cha zilembo za m'buku lija.

"Mungokopera izi mmene mungafunire. Chimene chakusangalatsani, lembani. Mukadzaza kutsogolo, mutembenuze mudzazenso kuseri."

"Tinkhanu timeneti? Ndi timakasu? Ichi ngati mbedza yopachikira diresi. Ndi zimene mumadyera kumeneko?"

"Ndi zomwezo, amayi."

"Ambuye ndikhululukireni, ine kuvutika ndi makina osokera zaka zonse zija, ndalama zili pa tinkhanu!"

Gogo anavala magalasi, lilime kunja, n'kuyamba kulemba mokanikiza ngati akudinda chikopa. Chilembo chimene chinkafanana ndi mbedza anachikonda, ndiye anachibwereza paliponse. Mayi Taimani anakajambulitsa pepalalo mbali zonse ziwiri ndi nyale yomwe ija, kompyuta n'kupereka manambala monga mwa masiku onse.

Msonkhano utayandikira, a Mivi anaitana abale kunyumba Lamulungu masana, kuti ayeserere zokayankhula zawo pa anthu amoyo. Kunena zoona ankafuna oomba m'manja. Panabwera amayi awo, panabwera mlamu wawo, mchimwene wa Mayi Taimani, woyendetsa malole, munthu wosadziwa kunong'ona. Enafe tinadzaza mipando yotsala. Kompyuta a Mivi anailumikiza ku wailesi yakanema ya pabalaza, jekete latsopano lili pathupi ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo.

Anayankhula bwino, zimenezo tisawamane. Mivi inkauluka pakanema ngati mbalame za mpunga. Mlamu uja anagona pang'ono pakati, n'kudzuka poomba m'manja.

"Mafunso!" anatero a Mivi, akupukuta thukuta. "Funsani chilichonse. Kumsonkhano kukakhala mikango, ndiyambe ndi amphaka."

Mayi Taimani anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Kumeneko akakuuzani kuti muyese njira yanuyi pa masamba amene simunawaonepo. Ndili nawo awiri, sanalowepo m'makina anu. Manambala ake ndi awa."

Sananame, onani bwino. Akanafunsidwa kumene masambawo achokera, akananena. Koma a Mivi sanafunse. Anangomwetulira, poganiza kuti mayi ayamba kufewa, n'kulowetsa manambalawo. Kompyuta inaganiza pang'ono, kenaka maukonde awiri anatulukira pakanema, wina kumanja wina kumanzere, mivi yonse yotembenuka bwinobwino.

"Onani!" anakuwa, mpaka galu wa oyandikana nawo kuyankhira. "Mapasa! Ndipo oyera kuposa onse amene ndawaonapo! Apa mlembiyu anali atakhwima nzeru. Taonani chilembo ichi mmene chikubwererabwerera. Chimenechi ndiye mtima wa chiphunzitso chake chonse!"

Chinali chimbedza chopachikira diresi chija.

"Alamu," anatero woyendetsa malole, amene sankadziwa kanthu za chiwembucho, "inu mumati mivi imaulula zonse. Ndiye munthu analemba zimenezi anali wotani?"

A Mivi anatseka maso, manja kumbuyo, n'kuyenda uku ndi uku pabalaza.

"Ndikumuona ngati ali pompano. Mwamuna wamtali, wofatsa. Munthu wa mawu ochepa, wodana ndi phokoso. Mwina ankakhala yekha kuphiri, mwezi wathunthu osayankhula ndi munthu."

Gogo anatsokomola m'kapu ya tiyi.

"Nzeru ngati zimenezi," anapitiriza a Mivi, "zimabadwa kamodzi pa zaka chikwi. Ndikunenetsa pamaso panu nonse, munthu ameneyu akanakhala moyo, ine ndi udokotala wanga wonsewu ndikanamugwadira."

Gogo anaika kapu pansi, n'kukonza duku lake.

"Gwada ndiye, mwananga. Ndili pompano."

Gogo anapisa dzanja m'chikwama, pakati pa mankhwala a miyendo ndi maswiti, n'kutulutsa pepala lija litapindidwa panayi. Mayi Taimani analilandira, n'kupita nalo pawindo, n'kuliyala pagalasi. Dzuwa la masana linalowa m'pepalamo, ndipo aliyense, ngakhale ife osadziwa muvi ndi mkondo, tinaona: tinkhanu takuda kutsogolo, ndi tinkhanu totuwa tochokera kuseri, tonse titayang'ana chammbuyo.

A Mivi anayandikira pang'onopang'ono. Analitenga pepalalo, kulitembenuza, kulibweza, kulitembenuzanso. Kanali koyamba pa zaka zambiri kuti ayang'ane chilembo kumaso. Anakhala pampando, jekete lija likuoneka ngati lobwereka. Palibe anaseka. Ngakhale mlamu anadziwa kuti pamene munthu waikira mwana wake m'manda sipoimbira mluzu.

Mayi Taimani anakhala pambali pawo, n'kuika dzanja pabondo lomwe linkawawa lija.

"Pepani, bambo. Njira ina ndinaisowa."

"Ndikanakanena zimenezi kumsonkhano," anatero a Mivi motsitsa, maso ali papepala.

"Mukanakanena."

"Atavala matayi onse aja."

"Ndi makamera omwe."

A Mivi anapuma mozama.

"Ndipo ine n'kukunenani nsanje."

"Munanenadi. Koma malalanje simunasiye kusenda, ndiye ndinadziwa kuti munthu wanga akadalimo m'jeketemo. Makina anu sanalakwe, bambo. Apeza dontho lililonse la inki yolowerera m'buku lonse, ntchito imene ine ikananditengera zaka. Tikachotsa zotuwazo, manambala atsala oyera. Zimenezo n'zokanena kumsonkhano, ndipo dzina langa ndiikapo. Si mapasa, koma ndi mwana ndithu."

A Mivi anakweza mutu. Maso anali ofiira, koma kukamwa kunali kutayamba kugwedera. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana amayi awo, anayang'ana tonsefe. Kenaka chibadwa chinawagwira pakhosi, monga chimachitira. Anaimirira, kukoka jekete, n'kukonza kukhosi.

"Kunena zoona, ine ndinayamba kukayika kalekale. Chimbedza chija chinkandinunkhira. Ndimangofuna ndione ngati nonse muli tcheru."

Apo ndiye denga linatsala pang'ono kusasuka. Mlamu anagwa pampando, miyendo m'mwamba, akufuula kuti, "Mwamuna wamtali! Wa mawu ochepa!" Gogo anaimirira, kutalika kwake kofika pachifuwa cha mwana wake, n'kuyamba kuyenda pabalaza manja kumbuyo ngati munthu wa kuphiri, akulozera pansi ndi chala.

"Simenti ndi iyi, dokotala. Ndinakusambitsa, ndinakusokera yunifolomu, sunandiyamikepo. Lero wanena wekha pamaso pa mboni kuti ndimabadwa kamodzi pa zaka chikwi. Gwada!"

Mayi Taimani anaseka mpaka misozi, nkhope ataibisa paphewa la jekete latsopano. Ndipo a Mivi, bondo lowawa lomwelo, anagwada pasimenti pamaso pa telala, akuseka nawo, makutu ali psuu.

Kuseka kwa tsiku limenelo kunathera pageti. Kukanakhala kwa kumsonkhano kukanawoloka nyanja. Amene amakuombera m'manja ukulunjika kudzenje ndi wodutsa chabe, koma amene walolera kuti umukwiyire, umunene nsanje, bola dzina lako lisagwere m'matope, ameneyo ndiye wako. N'chifukwa chake akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.